Ntchito ya Mphunzitsi Imene Anthu Saiona

Pali mawu atatu amene mphunzitsi aliyense wa mu mzinda wa Blantyre adawamvapo, kaya m'minibasi ya ku Ndirande, kaya pa msika wa Limbe, kaya pa siwa. Oyamba ndi akuti aphunzitsi amaweruka dzuwa lili paliwombo. Achiwiri ndi akuti amapuma miyezi itatu pa chaka koma malipiro n'kumalandira onse. Achitatu, amene amalasa mtima koposa, ndi akuti uphunzitsi ndi ntchito yothawirako munthu akasowa malo kwina. Inu amene muli pa koleji mudzakumana nawo mawu amenewa, ndipo ena mwa inu mwayamba kale kuwamva kwa abale anu enieni. Tsono m'nkhani ino tifuna kulekanitsa zoona ndi zongoganizira, kuti podzayankha musadzayankhe ndi mkwiyo koma ndi zinthu zimene mukuzidziwa bwino.

Chaka cha sukulu

Chaka cha sukulu m'Malawi chili ndi zigawo zitatu, ndipo masabata ophunzira onse pamodzi amakhala pafupifupi 40. Masabata otsalawo, amene ndi ngati 12, ndiwo anthu amawatcha tchuthi cha aphunzitsi. Kalendala imeneyi yakhala ikusintha. Kale chaka chinkayamba mu Okutobala. M'zaka za m'ma 1990 chidasunthidwa kuti chiziyamba mu Januwale, ndipo kuyambira 2010 chidabwerera ku Seputembala n'kumatha mu Julaye.

Chinthu choyamba chofunika kuchimvetsa n'chakuti tchuthi chimenechi adachiikira ana. Mwana akatseka sukulu wamalizadi, koma mphunzitsi amafika pa tsiku lotsekera atatha masabata awiri akulemba mafunso a mayeso, kuchonga mapepala, kuwonkhetsa malikisi ndi kudzaza malipoti a mwana aliyense. Sukulu isanatsegulidwenso ayenera kukhala atalemba masikimu a chigawo chonse chikubweracho, phunziro lililonse sabata ndi sabata, kuti mphunzitsi wamkulu awaone ndi kuwasayinira. Munthu amene ayamba kulemba sikimu tsiku lotsegulira wachedwa kale.

Nthawi ya tchuthi ndiyonso imene Unduna wa Zamaphunziro umakonda kuitanira aphunzitsi ku maphunziro a pa ntchito m'malo a TDC, pakuti nthawi imeneyo ana sasiyidwa okha m'kalasi. Silabasi ya pulayimale itasintha mu 2007, ndiponso pamene ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsira kuwerenga idayamba mu 2016, aphunzitsi adayenera kuphunzira njira zatsopano asanakaime nazo pamaso pa ana. Enanso amatengedwa ndi bungwe la MANEB, limene lidakhazikitsidwa mu 1987, kukayang'anira kapena kukachonga mayeso.

Palinso zaka zimene kalendala imasokonezeka koma silabasi siifupika. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo zidatsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala ndi Okutobala. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa ndi masabata awiri chifukwa cha kolera. Patangopita miyezi iwiri namondwe wa Freddy adagumula nyumba ku Chilobwe, ku Manja ndi madera ena a m'munsi mwa phiri la Soche, ndipo zipinda zophunziriramo zidasanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Masiku otayika chotere amabwezedwa ndi mphunzitsi, mwa kuthamangitsa ntchito kapena kuwonjezera maola, makamaka m'makalasi olemba mayeso.

Tsiku la mphunzitsi

Munthu wogwira ntchito mu ofesi pa msewu wa Victoria akaona mphunzitsi akutsika minibasi masana, amayesa kuti ntchito ya tsikulo yatha. Saona chikwama cha makope chimene mphunzitsiyo wanyamula. Tiyeni tiwerengere pamodzi.

Cholinga cha boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60. Koma m'sukulu za m'malo othinana anthu monga Ndirande, Mbayani, Chirimba ndi Bangwe, kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo. Tiyerekeze kuti muli ndi ana 100 ndipo mwapereka ntchito yolemba m'maphunziro awiri okha, Masamu ndi Chichewa. Amenewo ndi makope 200. Mukataya mphindi imodzi yokha pa kope lililonse, mwataya mphindi 200, ndiko kuti maola atatu ndi mphindi 20. Pa masiku asanu mphindizo zikwana 1,000, kapena maola 16 ndi mphindi 40. Motero kuchonga kokha kwadya nthawi yoposa masiku awiri athunthu a munthu wogwira maola asanu ndi atatu pa tsiku. Ndipo mphindi imodzi ndi yongokwanira kuika chizindikiro cha kukhoza kapena kulakwa. Siikwanira kulemba mawu othandiza mwana kuona pamene waphonya.

Onjezanipo kukonzekera. Mphunzitsi wa ku pulayimale kawirikawiri amaphunzitsa maphunziro angapo pa tsiku, ndipo lililonse limafuna chikonzekero chakechake. Ngati muli ndi maphunziro asanu ndi awiri, ndipo chikonzekero chilichonse chikutengerani mphindi 15, pamenepo papita ola limodzi ndi mphindi 45. Kaundula wa ana ayenera kuitanidwa m'mawa uliwonse, zotsatira za kuyesa ana zilembedwe m'buku lake, zipangizo zophunzitsira zipangidwe, masewera ndi makalabu ziyang'aniridwe. Mwana akadwala kapena akasowa masiku angapo, woyamba kufunsidwa ndi mphunzitsi wa kalasi.

Palinso kusiyana kwina kumene anthu sakuganizira. Kalaliki akatopa angathe kuimika cholembera kwa kanthawi, koma mphunzitsi ali pamaso pa ana a Sitandade 1 sangachotse maso ngakhale mphindi ziwiri. Amalankhula mokweza, ataimirira, kuyambira 7:30 m'mawa, nthawi zina pansi pa mtengo pamene phokoso la msewu likupikisana naye. Nkhani imeneyi si ya kuno kokha. Pa 5 Okutobala 1966 mabungwe a UNESCO ndi ILO adagwirizana ku Paris mfundo zokhudza ntchito ya aphunzitsi, ndipo imodzi mwa izo idati poyeza maola a mphunzitsi aziwerengeranso kuchuluka kwa ana, nthawi yokonzekera ndi nthawi yochonga. N'chifukwa chake tsiku la 5 Okutobala lidasankhidwa kukhala lokumbukira aphunzitsi pa dziko lonse kuyambira 1994.

Malipiro

Funso lakuti mphunzitsi amalandiriranji pa tchuthi lili ndi yankho lapafupi. Malipiro a wogwira ntchito m'boma amawerengedwa pa chaka, kenaka n'kugawidwa m'miyezi 12. Mphunzitsi salipidwa pa ola monga waganyu; amalipidwa chifukwa cha udindo umene wasenza chaka chonse, pamodzi ndi ntchito zonse tatchula zija.

Malipirowo amayendera giledi. Kale munthu wa satifiketi ya JCE ankatuluka pa koleji ali T3, ndipo wa MSCE ankatuluka ali T2. Pambuyo pake kudadza magiledi a PT4, PT3, PT2 ndi PT1, amene tsopano amatchulidwa ndi zilembo monga a ogwira ntchito ena a m'boma, ndipo mphunzitsi watsopano wa ku pulayimale amayambira pa giledi L. Kukwera sikubwera kokha chifukwa cha kuchuluka kwa zaka. Pafunika kuti malo apezeke, alengezedwe, munthu afunsire, ndipo akapambane mafunso a bungwe la Teaching Service Commission. Popeza aphunzitsi ndi ambiri koposa ogwira ntchito ena onse a m'boma, malo okwererawo sakwanira, kotero kuti ambiri amakhala zaka zochuluka pa giledi imene adayambira.

Chachiwiri, ndalama imene yalembedwa pa kalata yolembera munthu ntchito si imene imafika m'manja. Msonkho umachotsedwa malipiro asanatuluke, ndipo amene adatenga ngongole amadulidwanso pomwepo. Yotsalayo ndiyo imakumana ndi moyo wa mu mzinda. Nyumba za aphunzitsi pa sukulu za mu Blantyre n'zochepa, motero ambiri amachita lendi ku Machinjiri, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku Bangwe, ndipo ena amakwera minibasi ziwiri kuti akafike ku ntchito. Mnzawo wa kumudzi ali ndi mavuto akeake, monga kutalika kwa chipatala ndi banki, ndipo n'chifukwa chake mu 2010 boma lidayamba kupereka K5,000 pa mwezi kwa aphunzitsi a kumidzi. Komabe iyeyo angathe kulima kamunda, pamene wa mu mzinda amagula chilichonse, kuyambira ufa ndi makala mpaka madzi.

Chachitatu ndi mphamvu ya ndalama. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Kwacha ikagwa, mafuta a galimoto ndi katundu yense wochokera kunja amakwera mtengo, minibasi n'kukwera, eni nyumba nawo n'kukweza lendi. Wamalonda pa msika wa Limbe amasintha mitengo yake tsiku lomwelo, koma wolandira malipiro a pa mwezi amadikira kufikira boma litakonzanso malipiro. Apa ndi pamene pamachokera kusamvana: anthu amaona kuti mphunzitsi ali ndi ndalama yodalirika mwezi ndi mwezi, zimene n'zoona, koma saona kuti ndalamayo ikugula zinthu zochepa kuposa chaka chatha.

Madandaulo amenewa afikapo poyera kangapo. Mu Juni 2017 bungwe la Teachers Union of Malawi lidatsogolera sitalaka chifukwa cha kuchedwa kwa ndalama ya tchuthi imene wogwira ntchito m'boma amalandira kamodzi pa chaka. Mu 2021 kudachitikanso sitalaka pofuna ndalama ya chiopsezo pa nthawi ya Covid-19. Muyeneranso kudziwa kuti magulu angapo a omaliza maphunziro a uphunzitsi adadikira zaka asanalembedwe ntchito, ndipo ena adayamba ngati aphunzitsi othandizira. Izi sitikunena kuti mutaye mtima, koma kuti mulowe ntchito maso ali otsekula. Paja safunsa adadya phula.

Maphunziro a uphunzitsi

Tibwere tsono ku mawu achitatu aja, akuti aliyense wodziwa kulemba ndi kuwerenga angathe kuphunzitsa. Mzinda uno uli ndi mbiri yaitali yosula aphunzitsi. Mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa mu 1876, ndipo sukulu ya Henry Henderson Institute, imene idatsegulidwa mu 1909, inkaphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi amisiri. Boma la atsamunda lidakhazikitsa dipatimenti ya zamaphunziro mu 1926, ndipo mu 1929 kudatsegulidwa sukulu ya Jeanes ku Domasi yophunzitsa aphunzitsi oyendera anzawo m'midzi. Koleji ya Soche Hill inkasula aphunzitsi a sekondale kufikira 1973 pamene idaphatikizidwa ndi Chancellor College ku Zomba. Masiku amenewo mphunzitsi ankalemekezedwa chifukwa anali mmodzi mwa anthu ochepa ophunzira m'dera lonse. Ndiye ankawerengera anthu makalata ochokera ku Joni ndi ku Harare.

Nanga ulemu umenewo udachepa bwanji? Chifukwa chimodzi n'chabwino ndithu: ophunzira adachuluka, ndipo mphunzitsi sadakhalenso yekha wodziwa Chingerezi pa mudzi. Chifukwa china chidadza mu 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale. M'chaka chimodzi chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Kuti anawo asasowe owaphunzitsa, boma lidalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri mwa iwo osapita ku koleji, ndipo adalowa m'kalasi atangolangizidwa kwa masabata ochepa. Kuyambira 1997 adayamba kuphunzitsidwa mwa ndondomeko ya MIITEP, imene inkawasunga pa koleji miyezi itatu kenaka n'kuwabweza ku sukulu zawo kukapitiriza maphunziro ali pa ntchito. Ambiri a iwo adakhala aphunzitsi abwino, ndipo adasenza katundu amene dziko lidalibe wina womusenzetsa. Komabe anthu adaona mnyamata amene dzulo adali pa khonde lero ali ndi choko m'manja, ndipo maganizo akuti uphunzitsi sufuna maphunziro adamera mizu.

Zinthu zidasintha mu 2005 pamene ndondomeko ya IPTE idayamba, ya chaka chimodzi pa koleji ndi chaka china pa sukulu. Mu 2017 idakonzedwanso kuti wophunzira azikhala zigawo ziwiri pa koleji, ziwiri pa sukulu, ndi ziwiri zomaliza pa koleji. Wolowa ayenera kukhala ndi MSCE, ndipo satifiketi yake amaipeza atakhoza mayeso a MANEB. Lamulo la zamaphunziro la 2013 lidakhazikitsanso bungwe la Teachers Council of Malawi loti lizilemba aphunzitsi m'kaundula ndi kuwapatsa chilolezo, monga zimakhalira ndi anamwino ndi madokotala.

Koma umboni weniweni wa maphunziro anu uli m'kalasi. Mwana wa Sitandade 3 wapatsidwa samu yakuti achotse 17 pa 52, ndipo walemba 45. Munthu wongodziwa masamu adzaika chizindikiro cha kulakwa n'kumuuza kuti yankho ndi 35. Mphunzitsi wosulidwa adzaona kuti mwanayo sadalote yankho lakelo. Wachotsa 2 pa 7 n'kupeza 5, wachotsa 1 pa 5 n'kupeza 4. Ndiye kuti ali ndi lamulo lake lakuti nambala yaing'ono ndiyo ichotsedwe pa yaikulu, kulikonse kumene ili. Mphunzitsiyo adzatenga mitolo isanu ya timitengo khumikhumi ndi timitengo tiwiri tapadera, n'kumuuza mwana kuti achotsepo tisanu ndi tiwiri. Mwanayo adzaona yekha kuti ayenera kumasula mtolo umodzi. Kudziwa chinthu ndi kwina, kudziwa mmene mwana amasocherera pochiphunzira ndi kwinanso, ndipo chachiwirichi ndicho mwadzera pa koleji.

Pamene anthu akunena zoona

Sikungakhale chilungamo kunena kuti anthu amangotinamizira. Alipo aphunzitsi amene amafika belu litalira kale, amene amasiyira mwana mmodzi buku kuti azilembera anzake pa bolodi iwo ali pa mthunzi, ndi amene amagulitsa zitumbuwa ndi maswiti kwa ana a m'kalasi mwawo. Aliponso amene amaphunzitsa mwa mphwayi m'mawa kuti ana abwere masana ku maphunziro olipira, ngakhale Unduna wakhala ukuletsa mchitidwe umenewu. Kuchepa kwa malipiro kungafotokoze chiyambi cha zina mwa izi, koma wovutika ndi mwana wa mayi wogulitsa tomato amene alibe ndalama yolipirira masana. Kholo likaona zotere kamodzi, silikhulupiriranso za makope 200 aja. Nsomba ikawola imodzi zawola zonse.

Zoyenera kuchita

Choyamba, mukapita ku sukulu kukayesera kuphunzitsa, sankhani sabata imodzi ndipo mulembe m'kabuku nthawi imene mwataya pa ntchito iliyonse: kuphunzitsa, kukonzekera, kuchonga, kupanga zipangizo ndi misonkhano. Kabukuko kadzakuonetsani kumene nthawi yanu ikupita, ndipo kadzakupatsani yankho la manambala kwa wokufunsani.

Chachiwiri, phunzirani kuchonga mwanzeru. Perekani mafunso ochepa osankhidwa bwino m'malo mwa ambiri ofanana. Chongani ena mukuyendayenda ana akulemba, pakuti cholakwa chokonzedwa pomwepo sichikhazikika. Gawani kalasi m'magulu asanu, ndipo tsiku lililonse mutenge makope a gulu limodzi kukawaona mofatsa, otsalawo ana asinthane n'kuchongerana mayankho ali pa bolodi. Potero mwana aliyense adzalandira ndemanga yanu yeniyeni kamodzi pa sabata, ndipo makope onyamula adzatsika kuchoka pa 200 kufika pa 40.

Chachitatu, sukulu zazikulu za mu mzinda zili ndi makalasi angapo a sitandade imodzi. Khalani pansi ndi anzanu a sitandade yanu, mugawane kulemba masikimu ndi kupanga zipangizo kuchokera ku zinthu zopezeka pafupi, monga mwaphunzira pa TALULAR. Mutu umodzi susenza denga.

Chachinayi, musabise ntchito yanu kwa makolo. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi kapena wa komiti ya sukulu, aonetseni makope a ana awo, afotokozereni chimene mwana akuchidziwa ndi chimene chikumuvuta, ndipo muwauze chinthu chimodzi chimene angachite kunyumba. Kholo limene laona ndemanga yanu m'kope la mwana wake limasiya kuwerenga maola amene mwaweruka.

Chachisanu, dziwani malamulo a ntchito yanu. Sungani bwino kalata yokulembani ntchito, nambala yanu ya ntchito ndi mapepala oonetsa malipiro, pakuti pakakhala cholakwika ndi zimenezi zidzakuyankhulirani ku ofesi ya zamaphunziro. Pewani katapila, amene wamanga aphunzitsi ambiri kotero kuti malipiro amatha asanawagwire, ndipo ngati n'kotheka lowani m'bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama. Pa tchuthi patulani masiku a masikimu, koma mupatulenso masiku opumadi, chifukwa mawu ndi thupi ndizo zida zanu.

Mawu otsiriza

Anthu adzapitiriza kulankhula m'minibasi, ndipo simungathe kuwayankha onse. Amene mungathe kuwafikira ndi makolo a ana a m'kalasi mwanu, ndipo iwowa amaweruza ndi zimene akuona: ngati mumafika pa nthawi, ngati makope amachongedwa, ndiponso ngati mwana amene adabwera mu Seputembala osadziwa kuwerenga akuwerenga pofika Julaye. Kudandaula za malipiro ndi za kukwezedwa ndi ufulu wanu, ndipo pali njira zake zoyenera kudzera ku bungwe la aphunzitsi. Madandaulowo amamveka msanga pamene makolo eni ake angathe kuchitira umboni kuti ntchito ikugwiridwa.